Impso Imodzi kwa Geoffrey

Lachiwiri, 7 Meyi 2024

Ku Lilongwe, kukaona Geoffrey. Mlongo wanga wamng'ono, uja ankasenza yekha thumba la kachewere, lero kupumira panjira popita kubafa. Mapazi otupa, nsapato zakana. Machubu pakhosi, magazi kulowa m'makina owasefa n'kubwerera. Impso zonse ziwiri zinaleka ntchito. Akukhala kwa msuweni wathu kuti makinawo aziwafikira.

Kunabwera a Edna, namwino wa kafukufuku. Akufufuza ngati matendawa amayenda pachibale. Anapempha kundiyeza, ndinalola. Ndinawafunsa ngati palibe njira ina. Akuti ilipo: wachibale kupereka impso imodzi, opareshoni yake kunja kwa dziko. "Koma izo si za kafukufuku wathu, mayi. Mukalankhule ndi adokotala ake."

Ndinalankhula nawo ndisanakwere minibasi.

Loweruka, 18 Meyi

Foni ya a Edna. Impso zanga zili bwino, shuga ndilibe. Gulu la magazi ndi limodzi ndi la Geoffrey. Adokotala akuti kwatsala kuyeza kwina, ndisasangalale msanga. Ndasangalala.

Ndawauza a Bizwell tikukumba kachewere. Amuna anga anaika khasu pansi. "Ine ndinalowola munthu wathunthu."

Ndinawafunsa kuti pa ng'ombe za malowolo zija, ya impso inali iti. Sanaseke. Tabwerera kunyumba wina patsogolo wina pambuyo.

Lamulungu, 26 Meyi

Kwathu ku Mlangeni aliyense wamva. Apongozi sachedwa. Potuluka m'tchalitchi amayi ena kundiyang'ana ngati maliro oyenda. Mmodzi mwa iwo, a Sellina, anandikokera pambali: akuti ofufuzawo ndi anamapopa, atenga magazi lero, mawa agulitsa impso. Ndinawauza kuti anamapopawo ndi okhawo amene anandifotokozera matenda a mlongo wanga m'Chichewa chomveka, atakhala pansi. Amene akundichenjezawa sanapiteko kukamuona ngakhale ndi nthochi.

Za amayi anga ndiye zandilasa. Sanakalipe. Anangoti, "Lufina, ndisataye awiri."

Koma sindinasinthe.

Lachinayi, 6 Juni

Ankhoswe. Amalume mbali ino, akuchimuna mbali iyo, ine pamphasa. Kunazizira koopsa. Analankhula za thupi langa mmawa wonse ngati akugawana dimba. Wina akuti mkazi wa impso imodzi salima. Wina akuti saberekanso. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsako dokotala.

Atandipatsa mpata ndinagwada bwinobwino, ulemu wonse. Ndinati tsiku lobadwa mwana wathu Yankho ndinataya magazi pang'ono kufa, ndipo sipanakhale bwalo lokambirana ngati ndiloledwe. Kuika moyo pachiswe chifukwa cha mtundu wawo kunali koyenera. Chifukwa cha wakwathu, wasanduka mlandu.

Amalume anayang'ana pansi. Nkhani sinathe. Akuti ndikapita ku Lilongwe kukayezetsanso, ndisabwerere pakhomo la a Bizwell.

Lachisanu, 7 Juni

A Bizwell anandipeza ndikuchapa. Anati, "Ukakafera komweko, Yankho ndidzamuuza chiyani?" Si za ng'ombe ayi, ndi mantha.

Nanenso ndili nawo. Adokotala sanandibisire kuti ngozi ilipo, ngakhale ndi yochepa. Koma ya Geoffrey si ngozi yongoganizira. Pa amene ndinawapeza pa makina mwezi watha, bedi la mayi wina wa ku Kasinje lili kale ndi munthu wina.

Lachisanu, 21 Juni

Ndinapita ku Lilongwe kukayezetsanso. Magazi ena, kujambula m'mimba, mafunso ambirimbiri. Anandifunsa ndili ndekha ngati pali amene akundikakamiza. Ndinati alipo ambiri, koma onse akukankhira kwina.

Pobwera ndinapeza chitseko chotseka. Zovala zanga m'thumba la feteleza, pakhonde. Ndasenza masana dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pamsika, kuti anthu asavutike ndi kunong'ona. Ndili kwa amayi. Yankho wabwera yekha atachoka kusukulu, yunifolomu ili m'thupi. Sindinamubweze.

Lachiwiri, 2 Julayi

Zotsatira zatuluka. Tikugwirizana. Adokotala akuti dzina la Geoffrey likhoza kupita kwa amene amasankha odwala otumizidwa kunja. Kudikira kwake n'kwakutali, ndipo si onse amapita. Chofunika tsopano n'choti mwini wake avomere.

Wakana.

Msuweni wamuuza zonse, za thumba la feteleza zomwe. Ali pa makina, nkhope kukhoma. "Achemwali, banja lanu lithe chifukwa cha ine? Ndiye ndidzakhala ndi moyo wotani?"

Ankhoswe ndinawayankha. Apongozi ndinawayankha. Uyu ndinangomuyang'ana msana, wowonda ngati wa mwana. Ndinatuluka kukalirira kuseri kwa chipatala. A Edna anandipeza, sanandinyengerere. Akuti monga ine sandikakamiza kupereka, iyenso sangamukakamize kulandira.

Chabwino. Sindimukakamiza. Koma sindichoka.

Lachisanu, 12 Julayi

Ndikadali ku Lilongwe. Kachewere wotsala akukumba amayi ndi aganyu. Tsiku lililonse la makina ndimakhala pampando pambali pake. Nkhani ya impso sinditchula. Ndimamuuza za mitengo ya pamsika, za mbuzi ya amalume imene inalowa m'tchalitchi. Ndinamuuza chimodzi chokha: banja langa ukalimanga ndi imfa yako, sindidzalowamo.

A Bizwell anaimba dzulo. Akuti Yankho akukana kudya. Kenako kufunsa ngati kuno kukuzizira. Sanati bwerera. Sindinati ndikubwera.

Lero makina ali pakati, ndimayesa Geoffrey wagona. Maso ali chitsinzire anafunsa, "Chilonda chakecho, kwa woperekayo, chimakhala chachikulu bwanji?"

Ndinamuonetsa ndi zala. Anatsegula maso, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Kaitaneni adokotala, ndimve kwa iwo. Inu mukhoza kuchepetsa."