Mizere Itatu ya Kapitawo

Lolemba, 5 Meyi

Masabata atatu chiikireni maliro a akazi anga. Abale onse abwerera kwawo. M'nyumba tatsala awiri, ine ndi Kapitawo, mphaka wawo. Dzinalo ndinam'patsa ndine. Ntchito sagwira, koma zipinda zonse amayendera ngati analembedwa.

Mphaka wodwala shuga, chaka chachiwiri tsopano. Ndinkaseka. Anthu akusowa mankhwala, ife tili kalikiliki kubaya mphaka. Iwo ankangoti, "Inu samalani mawotchi anuwo, Kapitawo ndisiyireni."

Pachitseko cha furiji pali pepala lomwe anandilembera popita kuchipatala. Ankati akakhalako masiku anayi okha. "6 m'mawa, 6 madzulo. Mizere itatu pasirinji. Tsinani khungu lapakati pa mapewa. Botolo osalikhutchumula." Pansi pake nambala ya adokotala a ziweto. Zaka 35 ndikukonza mawotchi, za kusunga nthawi palibe angandiphunzitse. Sindinaphonyepo ndi mphindi imodzi yomwe.

Lachitatu, 7 Meyi

Kapitawo wadya theka la mbale, kwinako wasiya. Tsiku lonse pajuzi yawo yobiriwira, ija idakali pampando. Sindinaichotse. Ndaniko angaichotse.

Kushopu mawotchi awiri, onse vuto ndi batire basi. Masiku ano anthu amaona nthawi pafoni.

Mwana wanga wamkazi waimba. "Ababa, mphakayo mungom'pereka kwa anthu, inu mubwere mudzakhale nafe. Mankhwala akewo ndi odulanso." Ndam'yankha mwaukali, kenako ndadzimvera chisoni. Iye sanaliko tsiku lomaliza lija amake atandigwira dzanja. Sananene za nyumba, sananene za ine. Anangoti, "Kapitawo musam'taye." Ndinakwiya pang'ono, ndisaname. Mpaka pano nsanje ikadalipo.

6 koloko, mizere itatu.

Lachisanu, 9 Meyi

Sanadye dzulo madzulo, sanadye lero. Ndam'phikira nkhuku, wangonunkhiza n'kutembenuka. Akuyenda dzandidzandi ngati woledzera, kenako kuima n'kumayang'ana khoma. Chisoni chimenecho. Inenso ndikuyenda choncho.

M'kabati muli kachipangizo koyezera shuga, kaja amabaya khutu n'kutenga kadontho ka magazi. Papepala sanakatchule. Zomwe sizinalembedwe sindizikhudza, ndingawononge.

Kubaya kokha ndiye ndikukutha. M'mawa ndi madzulo, 6 yeniyeni. Ndikamaliza ndimamva ngati pali chinthu chimodzi chomwe ndawachitira bwino.

Loweruka, 10 Meyi

Za lerozi ndilembe basi.

Ndinam'baya 6 koloko, ndinapita kushopu. Cha m'ma 9 ndinabwerera, ndinaiwala galasi langa lokulitsira. Ndinam'peza pansi pa tebulo, miyendo yauma, akuphiriphitha, thovu kukamwa. Ndinaimba nambala ija. Adokotala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, anachita kukuwa pafoni: "Uchi, abambo! Mupakeni pausinini ndi chala, mubwere naye pompano!"

Ndinam'kulunga m'thaulo. Watakisi atafunsa kuti khandalo ladwala chiyani ndinangomuuza kuti afulumire.

Atayeza, shuga 1.6. Akuti pafupi ndi manda. Anafunsa kuti anadya liti. Lachinayi m'mawa. "Ndiye munam'bayiranji?" Ndinatulutsa pepala m'thumba. Anawerenga, kenako analankhula motsitsa mawu. Akuti insulini yomwe ndimam'bayayo imatsitsa shuga wochokera m'chakudya. Popanda chakudya imangom'tsitsabe mpaka kum'gwetsa. Mizere itatu ndi ya tsiku lomwe wadya bwino. "Amayi ankayamba ayeza m'mawa uliwonse. Akakana kudya ankandiimbira, tinkachepetsa kapena kulekeratu. Inu anakulemberani za masiku anayi basi."

Ndam'siya komweko, ali padiripi. Ndiye kuti masiku onsewa ndimam'pha ndi manja anga, mosaphonya nthawi.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ali moyo. Koma sakuona. Adokotala akuti maso mwina abwerera, mwina ayi, shuga akatsika chotero ubongo umavulala.

Shopu sindinatsegule chiyambire Loweruka. Lamlungu ndinawakalipira akazi anga mokweza, ndili ndekha m'khitchini. Munalekeranji kulemba? Mzere umodzi wokha, "akapanda kudya osabaya," ukanakuvutani chiyani? Kenako manyazi. Zaka ziwiri m'mawa uliwonse ankagwada pamenepa, pafupi ndi sinki, khutu la mphaka lili m'manja. Ine ndili patebulo ndi kapu yanga, ndawapatsa msana, ndikuwanena kuti anakwatiwa kawiri, ndi ine komanso ndi mphakayo. Ndikanangocheuka kamodzi ndikanadziwa.

Lero adokotala andiphunzitsa kuyeza. Kutenthetsa khutu ndi nsalu yofunda, kubaya m'mphepete, kudikira kadontho. Ndalephera katatu. Zala zomwe zimatola kasikuluu ka wotchi kochepa ngati mchenga. Kapitawo osalira n'komwe, wangotsamira mkono wanga. Akanandikanda bwenzi zili bwino.

Mwana wanga waimbanso. Ulendo uno za kum'pereka sananene. Wangoti, "Ababa, inuyo mwadya?"

Lachinayi, 15 Meyi

Kapitawo wabwera kunyumba masana. Akugunda miyendo ya mipando, kuima, kuyambiranso. Kapitawo wosadziwa khomo la chipinda chake. Mtima wanga wasweka, palibe mawu ena.

Malangizo atsopano alibe nambala imodzi. Adye kaye, ndiyeze. Shuga akapitirira 14, mzere umodzi. Akakhala pansi pa 10, osabaya. Ndinafunsa za pakatipo. Adokotala anati, "Pamenepo mumuyang'ane, abambo. Mmene wadyera, mmene akuyendera. Mukam'zolowera muzidziwa." Akutinso ndikamalumpha kubaya kawirikawiri shuga akwera, ayambanso kuonda, miyendo n'kufooka. Uku moto, uku madzi.

Madzulo ano wadya masipuni awiri. Kaya n'kudya kumeneko. Ndayeza, ulendo woyamba womwe magazi atuluka. 12.

Foni ya adokotala ikungoitana, mwina ali ndi chiweto china. 6 yadutsa. Sirinji ili m'dzanja, mzere umodzi ndakoka kale. Ndam'yang'ana monga anandiuzira, ndam'yang'anitsitsa ndithu, sindikuona kanthu. Mphaka basi, wakhala phee, nkhope yaloza komwe kukumveka mpweya wanga.

Ndangozindikira ndatembenukira kuchipinda n'kuitana, mokweza ngati masiku onse, "Amake mwana, ndim'baye kapena ayi?"

Ndadikiradi yankho.