Mabatani a Kumsana

Tromsø, 9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti dzuwa la ku Spain likuwakomera mawondo anuwo. Kuno chipale chofewa chafika m'mawindo, mkamwini wanu Eivind akungokhalira kuchichotsa ndi fosholo.

Mdzukulu wanu Sunniva watuluka m'chipatala Lachiwiri. Musadzidzimuke, akudya ndipo wayambiranso kulongolola. Chija ndinkati chimfine pafoni sichinali chimfine. Thupi linatentha ngati mbaula, akamakodza n'kumalira. Adokotala akuti matenda anayambira m'chikhodzodzo n'kukwera mpaka ku impso yakumanzere, ndipo asiya kachipsera. Akabweranso kawirikawiri, impsoyo ikhoza kufooka.

Anandifunsa ngati mwanayu amasunga mkodzo. Ine ndinakana ndithu, mwana wazaka zisanu asungirenji? Koma aphunzitsi ake, a Gunvor, nditawafunsa anagwira pakamwa. Mukudziwa kuti kusukulu yamkaka amaswera m'nkhalango, kuzizire kusazizire. Wofuna kutaya madzi amapita kuseri kwa mtengo, zipi fyuu, wathana nazo. Iwo akuti chiyambire chisanu sanamuonepo Sunniva akupita kuseriko.

Amayi, ndazungulira mokwanira. Vuto ndi ovolosi ija munamusokera, yofiira, ya mabatani kumsana kuti mphepo isalowe pachifuwa. Manja ake safikako. Ndipo ife tomwe, inu ndi ine, tinamuphunzitsa kuti mwana wamkulu amavala yekha, savutitsa anthu.

Ndinamufunsa ali pabedi lachipatala, "Iwe, bwanji sunkawauza aphunzitsi akumasule?"

"Ndine khanda ine?"

"Nanga bwanji sunandiuze ine, tikagule ina?"

Anayang'ana kukhoma. "Agogo anabayidwa ndi singano posoka. Ndinaona magazi."

Ndinatuluka panja, ndinalira. Mtima ukundiwawabe, chifukwa m'mawa uliwonse ndine ndinkamanga mabataniwo, n'kumanyadira kuti mwana wanga ndiye wofunda kuposa onse.

Eivind akuti tingoibisa ovolosiyo, inu tizikutumizirani zithunzi zakale. Amuna! Ngati kuti simungazindikire kuti mwana sakukula. Ine ndati ayi, mayi anga si galasi loti lingasweke. Tagula ya zipi, koma mwini wake waikana, akuti akavala imeneyo agogo adziwa. Lolemba abwerera kusukulu, ndipo adokotala anenetsa kuti azikodza pafupipafupi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musasoke ina, musapepese, ndipo chonde musalire pafoni. Muimbireni Lamlungu, mumuuze ndi pakamwa panu kuti ovolosi ija yamuchepera, mukuifuna kuti mupatse mwana wina. Ine wandikanira, koma inu akumverani.

Eivind akupereka moni. Sunniva sakudziwa kuti ndikulemba. Anandigwira chala n'kundilumbiritsa kuti agogo asamve, angadandaule. Mukamalankhula naye, chitani ngati simukudziwa kanthu. Wakusungirani mtima wanu nyengo yonse yachisanu, musamulande zimenezo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Torunn