Makina Anu Andiika Kumchira

Semarang, Lachiwiri

Mas Gunadi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Jakarta kumeneko, mukunenepa ndi nzeru zanuzo. Kuno tilipo, kungoti mayi bondo likuwavutabe.

Makina aja munapangira koleji yathu, owerenga ndemanga za ophunzira n'kulekanitsa zoyamikira ndi zodandaula, agwira ntchito yake. Pa aphunzitsi onse, ine andiika kumchira.

Inu munakulira konkuno, mwaiwala liti? Mwana wa kuno akamukonda mphunzitsi amamuseka. Wophunzira wanga Ratri analemba kuti, "Bu Wening ndi kambuku, atilanda tulo ndi ntchito zawozi, koma asayerekeze kutisiya!" Makina anu akuti chimenecho ndi chidani. Mphunzitsi mnzanga Pak Suroto, amene analowa m'kalasi katatu kokha chaka chonse, ana anawalembera mwaulemu kuti, "Zikomo kwambiri, bambo. Mulungu akudalitseni." Ngakhale wogulitsa supu wa bakso pageti akudziwa kuti mawu amenewo timauza munthu amene tathana naye. Makina anu akuti chimenecho ndi chikondi.

Ndinakadandaula kwa mkulu wa koleji. Anandithirira tiyi n'kunena kuti, "Bu, makina alibe tsankho." Kenako anandipatsa envelopu yonditsanzika pa ntchito. Za m'katimo mayi sindinawauze, ndipo inu musatsegule pakamwa.

Pa chikondwerero cha Lebaran, potha Ramadani, musavutike n'kunyamula makeke. Mukadzabwera kudzapepesa abale monga mwa mwambo, ndidzakupatsani mpando wabwino, ndidzakugwirani chanza ndikumwetulira.

Zikomo kwambiri, Mas. Mulungu akudalitseni.

Msuweni wanu,
Wening