Mabotolo a Mayi Dulcie

Lolemba, 2 Disembala

Filiji yaikulu yafa. M'katimo nyama ya ng'ombe yathunthu. Wokonza ali kutauni ya Cloncurry, akuti abwera Januwale, mtsinje ukalola. Mitambo yayamba kale kuunjikana kumpoto.

Trent akuti, "Uike m'mabotolo, iwe Leanne, si umadziwa?" Iye n'kukwera njinga yamoto, ulendo kokasamutsa ng'ombe. Mwamuna wanga ameneyo. Kudziwa ndimadziwa. Kufuna ayi.

Ndagaya nyama tsiku lonse. Dzuwa loswa mtengo. Ntchentche pampeni, pamilomo, m'maso. Mafuta mpaka m'zigongono.

Lachiwiri, 3 Disembala

Timibulu ta nyama, mazana angapo. Mchere ndi tsabola basi. Kukazinga pang'ono, kulonga m'mabotolo, msuzi wotentha pamwamba, kupukuta milomo ya mabotolo ndi viniga. Kenako mumphika wotseka wa nthunzi, mphindi 90, maso pa muvi woonetsa mphamvu ya nthunziyo. Muvi ukatsika, kuyambiranso kuwerenga. Watsika kawiri.

Tsitsi likununkha ng'ombe. Pilo nayenso. Ndadya bisiketi ndi tiyi, zina zakana kulowa.

Mabotolo 28 atseka bwino. Powaika palibe.

Lachitatu, 4 Disembala

Ndinapita kunyumba yakale, kwa apongozi, a Merv, kukapempha malo m'kachipinda kawo ka zakudya. Ndi kozizira. Sindinalowemo chimwalirire akazi awo, mayi Dulcie, zaka zitatu zapitazo.

Ndikanadziwa.

Thabwa lonse lapansi mabotolo awo. Timibulu tomweti. 32. Mapepala olembedwa ndi dzanja lawo: Nyama, Dulcie, ndi chaka. Lina la zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Zivundikiro zina zotupa ngati mimba ya ng'ombe yofa. Limodzi ladontha madzi abulauni, pansi pake mphutsi. Timibulu totuwa, tomera ubweya, tikuyandama m'mafuta achikasu. Ndinathamangira panja, n'kusanza pamaluwa.

Mayi ankangowiritsa mumphika wamba. Ankati wa nthunzi ndi bomba.

A Merv anandipeza ndikupukuta kukamwa. "Musakhudze zimenezo, mwananga. Ndimatsegula limodzi pa 8 mwezi uliwonse." Pa 8 ndi tsiku limene mayi anatisiya. Akuti amasankha looneka bwino, n'kununkhiza kaye.

Zaka zitatu, ine osadziwa. Ndipo ndimawachapira mbale.

Lachinayi, 5 Disembala

Ndaimbira namwino wa madokotala oyenda pandege. Sanazungulire. Poizoni wa m'nyama yotere sanunkha, saoneka. Amayamba ndi maso, kenako pakhosi, kenako munthu amalephera kupuma. Mvula ikagwa bwalo lathu la ndege limasanduka phala, ndege singatere.

Ndauza Trent. Akuti, "Bambo akhala akudya zomwezo, sanafe. Asiye." Amanena akutafuna, msuzi uli pandevu. Ndinamuyang'ana ngati ndikuyang'ana botolo lija.

Ndapitanso kwa a Merv. Ndawafotokozera zonse, mwaulemu. Amvetsera mpaka kumapeto. Yankho: "Dulcie sanadwalitsepo munthu."

Pa 8 ndi Lamulungu likubwerali.

Lachisanu, 6 Disembala

A Merv apita ndi Trent kukaona mpanda. Maola anayi.

Magolovesi, nsalu pamphuno. Ndanyamula mabotolo a mayi onse 32, limodzilimodzi, ngati mazira. Ndanyowetsa mapepala, kuwamatula ndi lumo, kuwaumitsa pawindo, kuwamata pa mabotolo anga. Anayi operewera ndaphika m'mawa. Akalewo ndabisa mumgolo kuseri kwa shedi. Limodzi linachita tsii m'manja mwanga. Fungo lake sindilemba.

Thabwa ndalitsuka ndi jiki katatu, n'kuikapo mabotolo anga.

Kuba dzanja la munthu wakufa. Ndikudzinyansa ndekha kuposa mphutsi zija.

Lamulungu, 8 Disembala

Mvula yoyamba. Achule paliponse, wina m'chimbudzi.

Masana ndinaona utsi kunyumba yakale. A Merv atsegula botolo. Ndinangokhala pakhonde, manja m'khwapa. Sanabwere. Madzulo anandibayibitsa ali patali, basi.

Lachiwiri, 10 Disembala

M'mawa, phokoso la wilibala. A Merv, chipewa chonyowa, mabotolo akale ali mbwee m'wilibalamo. Agalu ndi amene anawalondolera kumgolo.

Ndinayamba kupepesa. Anandidula.

"Ndinadziwa pa supuni yoyamba. Timibulu tanu n'tokoma."

Anakhala pasitepe, n'kuvula chipewa. Akuti mayi Dulcie ankadziwa kuweta ng'ombe, kuyendetsa lole, kusoka bala la hatchi, koma kuphika ayi. "Zaka 44 ndikumeza ngati mankhwala. Ngati ukutafuna chidendene cha nsapato. Sindinamuuzepo." Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti akatsegula botolo zimakhala ngati mayi angotuluka kukayanika zovala, chakudya asiya patebulo.

Ndinawathirira tiyi.

Dzenje akumba okha ndi thirakitala, kutali ndi chitsime. Ine kuponya, osatsegula. Ufa wa laimu pamwamba, kenako dothi. Trent anaima chapatali atatseka mphuno. Munthu wa "asiye" uja.

Ndinawerenga poponya. 31.

Lachitatu, 11 Disembala

Mtsinje wadzaza. Msewu watsekeka.

Ndayang'ana mumgolo, m'wilibala, muudzu. Palibe. Ndafunsa a Merv ngati lina linasweka panjira. Ayankha za mvula.

Akaphethira kawiri ndikumawayang'ana m'maso. Akameza malovu ndikumamvetsera.

Lachisanu, 13 Disembala

A Merv abwera nalo okha botolo losowa lija, atalikulunga m'thaulo. Lomaliza lomwe mayi anaphika, mwezi umodzi asanagonekedwe m'chipatala. M'kati mwake mwada bii.

M'dzanja linalo guluu womatira mapaipi a madzi.

"Ili si lopita kudzenje. Koma mutu wangawu wayamba kutayikira, mwananga. Dzulo ndaika magalasi m'filiji. Tsiku lina ndidzaiwala kuti si lodya. Matani. Matani kwambiri, lisadzatsegukenso ngakhale ndilire."

Ndamata kuzungulira katatu. Iwo agwira botolo, ine guluu. Pepala lake ndalimatula pa botolo langa, ndalibwezera pamalo pake.

Alinyamula ngati khanda, kudutsa m'matope.

Guluu wandiuma m'zala, cholembera chikuvuta kugwira. Kwatsala nyama ya m'ntchafu m'kafiliji ka kukhitchini, iyamba kununkha ikafika mawa. A Merv akuti abwera kudzaumba nawo timibulu. Akuti sanaumbepo chibadwire, mayi sankawalola kukhitchini. Ndawauza asambe m'manja kawiri.