Mutu wa Mphalapala Uli M'katonimo

Kawale, Lilongwe
Januwale

Okondedwa achemwali a Debora,

Landirani moni nonse ku Mvera. Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja watani, ukutupabe? Ine kuno ndilipo. Sindikudwala, ndikudya, kuntchito ndikupita.

Kalatayi mwaipeza pamwamba pa katoni. Musanapisemo dzanja yambani mwawerenga, ndipo ana akhale kaye panja. Mulibe sopo kapena shuga m'menemo. Muli mutu wa nsalu wa nyanga, uja wabutsa nkhani kwa apongozi anga ku Kasakula. Ndachita kulemba chifukwa pa foni mawu amandithera, inu mukundidziwa.

Mvula kuno ikugwa yosalekeza. Denga layamba kudontha mbali imene ankagona Luckness. Ndinaikapo beseni. Eni nyumba akuti akonza mvula ikatha, ine ndinati chabwino.

Titamuika m'manda mkazi wangayo mu Okutobala muja, a Obed, eni bandi yathu, anandiuza kuti ndipume mpaka chaka chithe. Ndinakhala m'nyumba masiku owerengeka ndikuyang'ana nsapato zake kuseri kwa chitseko. Kenako ndinanyamula gitala n'kubwerera kuntchito.

Disembala ndiye masika athu ife oimba. Maphwando a makampani, mahotela, pakhomo pa masitolo akuluakulu, konseko amatiitana. Chaka chino eni malo ankafuna bandi yovala za Khirisimasi. A Obed anatenga za Fada Khirisimasi, ndevu za thonje ndi pilo pamimba. Otsalafe anatigawira za nyama zimene azungu amati zimakoka ngolo ya mkuluyo. Dzina lake sindilidziwa, ife tinkangoti mphalapala. Ndi chovala chaubweya cha zipi kumsana, mutu wake wa siponji. Magolovesi ndinachita kudula zala ndi lumo kuti ndizitha kugwira nsambo.

Kutentha kwake musanene. Thukuta limatsikira mpaka m'nsapato, ndipo poonera ndi pa kaneti ka m'kamwa mwa nyamayo. Anzanga ankadandaula tsiku ndi tsiku, wa ng'oma mpaka anakomoka masana ena pa siteji. Ine sindinadandaule. Kunena zoona, achemwali, m'menemo ndi mmene ndinkapumira. Panalibe wondipepesa, panalibe wondiyang'ana kumaso kuti aone ngati ndalira. Nyamayo anaisoka ikuseka kale, ine ntchito yanga inali ya zala basi. Nyimbo zonse zija tinkaimba ndi Luckness mu kwaya ndinaziimba, osamva kanthu. Mpaka lero sindikumva kanthu. Zili ngati mwendo ukachita dzanzi, ukuuona kuti ndi wako koma kuutsina osamva.

Tsiku la Khirisimasi pa hotela ina, a Obed anayamba kutitchula mayina mmodzimmodzi, aliyense n'kumavula mutu kuti anthu amuombere m'manja. Wina anajambula n'kuika pa Fesibuku. Ndiyo vidiyo inafika ku Kasakula ija.

Zotsatira zake mwina munamvako. A Elifala, malume ake a Luckness, anandiimbira. Anati dothi la pamanda a mwana wawo lisanaume, ine ndavala chilombo cha nyanga n'kumavina pagulu. Anati iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo mwana wa mbumba yawo sangapite m'manja mwa munthu wa kudambwe. Zija tinagwirizana pamaliro, zoti akadzandisudzula mwana wanga Tabita adzakhale kwa inu n'kuyamba sukulu ku Mvera, ine ndizidzamuona mwezi ndi mwezi, anati ndiiwale. Nditayesa kufotokoza anati maso awo si a mwana, aona okha. Ndinangoti zikomo. Foni itaduka ndinakachapa chovalacho, poti mawa lake tinali ndi phwando lina.

Sindikuwada ayi. Kwathuko munthu wa nyanga wobisa nkhope ali ndi dzina limodzi lokha. Koma inu mukudziwa kuti kudambwe sindinapondeko, ndipo eni gule ataona chinthuchi akhoza kungoseka. M'khosi mwake muli kansalu kolembedwa kuti anachisoka ku China.

Za a Elifala zokha ndikanapirira. Koma vidiyoyo Tabita anaiona pa foni ya amayi ake aang'ono. Akuti ataona nyama ikudzizula mutu, nkhope yanga n'kutulukira, anathawira kuseri kwa nkhokwe. Kale Lamulungu lililonse tinkalankhulana, amandiuza za mbuzi ndi za dzino lake logwedera. Tsopano akamupatsa foni amabisa manja kumbuyo. Akuti akuuza anzake kuti amayi ake anapita kumanda, adadi ake anadyedwa ndi chilombo, ndipo cholankhula pa fonicho ndi chilombo chomwecho. Amayi ake aang'onowo atandiuza zimenezi ndinawafunsa ngati dzino lija linachoka. 

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndikukupemphani chinthu chimodzi. A Obed andipatsa mutuwu poti nyanga imodzi yathyoka. Mupite nawo ku Kasakula. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yobandira ndipo msewu wa kumapiriko ndi matope okhaokha. Ndikanabwera ndekha, koma anandiuza kuti ndisaponde pakhomopo mpaka akuluakulu atakambirana. Inu amakumverani. A Elifala muwapatse aukhudze, aone siponjiyo ndi kansaluko. Akakana, akane, musakangane nawo.

Tabita ndiye musamuonetse modzidzimutsa. Mukhale naye pamphasa masana, anthu ena atachoka. Muutulutse chagada ngati dengu, nyanga zili pansi. Apise dzanja yekha, aone kuti mulibe mano, mulibenso munthu. Mutuwu sindinauchape, ndachita dala. Ankakonda kugonera malaya anga ndikachokera koimba, fungo la thukuta langa amalidziwa. Akafuna kuuvala mulekeni. Akafuna kuuponya m'chimbudzi mulekeninso, za a Obed ndithana nazo.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma musawauze zonsezi, angayambe kusagona. Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa azakhali a kumtunda, ndi kwa apongozi anga mukafika ku Kasakula. A Elifala nawonso muwapatse moni.

Mwana akakufunsani kuti nanga poti m'mutumo mulibe munthu adadi ali kuti, mumuuze kuti anatulukamo, ali ku Lilongwe. Lamulungu masana ndidzakhala nditagwira foni. Ine sindidzaimba, ndingamuopsenso. Ndidzangodikira, ndipo Lamulungu linalo ndidzadikiranso.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Kalebe