Pasipoti ya Zainabu

Ababa,

Kumene mwagonako kuli bwanji? Ndafunsa chifukwa ndi mwambo, musaganize kuti ndakusowani. Kuno tilipo. Nyanja inasefukira mpaka kumiza mathandala athu oyanikapo usipa, ndipo mtengo wa mango umene munkasokera ukonde patsinde pake uja unauma uli chiimire m'madzi. Mpunga tapeza wochepa. Fatuma wa achemwali wabereka mwana wamwamuna, amupatsa dzina lanu. Ine sanandifunse.

Nkhani yeniyeni ndi ya Zainabu, mwana wanga, amene munamusiya akukwawa. Wamaliza sekondale, ndipo wasankhidwa kukaphunzira udokotala ku India. Eya, ku India, kwawo kwa amwenye amene munkati ntchito yawo ndi kuyeza nsalu basi. Sukulu ya kumeneko ndi imene yamuitana, ndipo imulipirira zonse.

Mukanakhala moyo mukanaseka. Paja munkati nzeru zonse Mulungu anazisiya ku Ulaya, ife anangotipatsa misana yonyamulira katundu. Ndinkakuonani pageti la hotela ku Senga Bay, chambo chili m'manja, mukuvulira kofia mzungu wa msinkhu wa mwana wanu. Mukafika kunyumba ukali wonse munkathira pa ife. Lero pahotela pomwepo pamagona Matchaina, anthu a ku Kenya, a ku Zambia. Mainjini a maboti pano ndi ochokera ku China, nyale imene ndikulembera nayo ndi ya sola ya komweko, mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi ndi a ku India. Sindikuti anthuwa ndi angelo. Ena agula gombe lathu n'kumanga mipanda, moti pokachapa timachita kuzungulira. Koma dzulodzuloli anali osauka ngati ife, ndipo anaphunzitsa ana awo, aamuna ndi aakazi omwe. Inu mwana wanu wamkazi munamuchita chiyani?

Ndikukumbutseni. Ndinali sitandade seveni. Aphunzitsi anabwera okha pakhomo kudzakupemphani kuti mundisiye ndifike sitandade eyiti ndilembe mayeso. Simunawapatse ndi mpando womwe. Munati sukulu ya mwana wamkazi ndi pathandala, ndipo yunifolomu yanga munapukutira injini ya boti. Chaka chisanathe munandipereka kwa a Sumani, munthu woti anali ndi imvi kale, chifukwa anali ndi boti. Sukulu munasungira achimwene Idrisa, amene anakathera fomu thu akusewera bawo kudepoti ya ku Salima.

Achimwene omwewo ndi amene andiputa. A Sumani anamwalira, ndiye iwo akuti monga malume ndiwo mwini wa ana anga. Atamva za India anabwera atavala kanzu yoyera, akumwetulira, nati aione pasipoti ya mwana. Zainabu, mwaulemu wake, anagwada n'kuwapatsa. Anaitembenuza, naiponya m'thumba, n'kuimirira. Anati mtsikana wachisilamu sangakakhale yekha kudziko la eni, kuti ku Khombedza kuli mwamuna wa golosale amene walankhula nawo kale zoti amukwatire. Potuluka anati: "Malemu ababa sakanalola zimenezi."

Mwamva? Mwagona zaka zonsezi koma pakamwa panu pakadalamulabe m'nyumba mwanga. Ndipo chondiwawa n'chakuti sananame. Simukanalola.

Zainabu sanalire. Anangolowa m'nyumba n'kuyamba kutulutsa zovala m'chikwama, akuzipinda bwinobwino, kubwezera pamalo pake. Ndinamuyang'ana ndipo ndinadziona ndekha tsiku lija la aphunzitsi, pamene ndinakhala chete n'kupita kukatola usipa. Ndinamuuza kuti abwezere zovalazo m'chikwama.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Khombedza. Linali tsiku la msika. Ndinawapeza achimwene pakhonde la golosale ija, akumwa tiyi ndi mkamwini wawo wa m'malotoyo, bambo wa mimba yake, wa akazi awiri kale. Sindinagwade, sindinapereke salamu. Ndinaima pakati pa msewu n'kukuwa kuti anthu onse amve: "Achimwene, sukulu yanga munadya, ndinakhala chete. Ya mwana wanga simudya. Bweretsani pasipoti." Anati ndikhale pansi tikambirane ngati anthu. Ndinati kukhala pansi ndinakhala kale, zaka zonse za moyo wanga. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kutizungulira. Wina anafunsa kuti mwanayo akukaphunzira chiyani, ndipo nditati udokotala, phokoso linabuka. Pamenepo panali amayi amene anaberekera panjira, ena anataya ana ali pamzere kuchipatala. Mayi wina wachikulire anawaloza achimwene kumaso, nati akadzadwala adzapite kugolosale akawabaye jakisoni. Wagolosale uja analowa m'sitolo mwake mwakachetechete. Achimwene anatulutsa pasipoti n'kuiponya pafumbi, nati kuyambira lero alibe mlongo. Ndinaitola, ndinaipukuta ndi mpango wanga, ndinabwerera.

Zainabu ananyamuka Lachiwiri. Ndinamuperekeza mpaka kudepoti, ndipo minibasi ya ku Lilongwe itanyamuka ndinakhala pamwala. Musaganize kuti ndilibe mantha. Sindidziwa chimene akadye, sindidziwa ngati akamuseke chifukwa cha khungu lake, sindidziwa ngati adzabwerere kudzagwira ntchito kuno kapena ena adzamukopa. Wandiimbira pafoni, nkhope yake ndikuiona, akuti kukutentha kuposa ku Salima ndipo chakudya chonse ndi tsabola. M'kalasi mwake muli atsikana a ku Nepal ndi ku Tanzania, ana a alimi ndi asodzi ngati iye. Mmodzi akuti bambo ake anagulitsa ng'ombe kuti iye afike kumeneko. Nditamva zimenezo ndinadula foni, kuti mwana asaone nkhope yanga.

Kunyumba kwatsala Asiyatu, mwana wanga wamng'ono uja simunamuone, ali sitandade faifi. Ndikukulonjezani kuti ameneyunso dzina lanu silimugwira. Aliyense wobwera pakhomo panga ndi mawu akuti malemu ankati, adzabwerera pamsewu.

Pemphero la dua ndimakuchitiranibe, ndipo sadaka yanu ndidzaphika nawo, chifukwa munandibereka ndipo penapake mumtimamu mukadalimo, ngakhale sindifuna. Koma za kukhululuka musandifulumizitse. Inu muli ndi nthawi yambiri kumeneko. Dikirani.

Ndine mwana wanu,
Mariamu