Mchenga Woyera wa mu Thanki 7

Lolemba, 9 Juni

Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, aphunzitsi anaika nsomba imodzi m'beseni loyera, ina m'beseni lakuda, n'kufunsa kuti tikuona chiyani. Ine ndinaona kuti ya m'loyera yatuwa. Ndinadikira kuti wina ayankhe mpaka nthawi inatha.

Ndakumbukira zimenezi lero nditaima pa thanki 7, kuntchito kuno kumene timaweta nsomba zogulitsa. Nsomba za mbuna zonse 60 zatuwa, mizere yabuluu ija ikuoneka mwa apo ndi apo. Akapitawo akuti ndi matenda. Zikapanda kusintha pofika Lachisanu azipha zisanapatsire mathanki ena.

Mchenga woyerawo ndinathiramo ndine sabata yatha, pofuna kuti ogula aziona ukhondo. Akapitawo anayamikira, ati m'thankimo mukuoneka ngati mu hotela. Ndiye ndikayambire pati?



Lachiwiri, 10 Juni

Zikudya molimbirana. Zipsepse zili bwinobwino. Nsomba yodwala imadya chonchi?

Ndavuula zisanu n'kuziika m'kathanki ka kuseri kwa mapampu, pansi ndayala timiyala takuda. Madzi omwewo, chakudya chomwecho, nyali yofanana.

Bambo okonza mapampu, amene tonse timawatchula kuti Amalume, andipeza ndili kakasi.

"A Digiri, mwatsegula chipatala chanuchanu?"

Ndati ndikungoyesa.

"Yesani. Akapitawo akafunsa, ine maso anga ndi okalamba."

Lachitatu, 11 Juni

Palibe chimene ndingalumbirire. Mwina zadako pang'ono, mwina ndi maso anga akufuna. Ngati alidi matenda, ndiye kuti ndawafalitsa ndekha ndi neti.

Lachinayi, 12 Juni

Yamphongo yaikulu mwa zisanu zija mizere yabwerera, yabuluu weniweni. Pofika masana zinayi. Yachisanu ikuzengereza, ikungobisala kuseri kwa paipi. Imeneyo ndikuimvetsa.

Amalume anasuzumira nthawi yaitali. "Iyi ndiye yavala suti. Ikupita kukafunsira mbeta?"

Ndinaseka, koma mtima sunakhazikike. Bwanji ngati ndi bata la kuseriku osati timiyala? Ndiye ndinatenga ya suti ija n'kuiika m'beseni loyera pomwepo, pambali pa kathanki. Ola lisanathe inali itayamba kutuwa. Nditaibwezera, poweruka inali ikudanso.

"Kawauzeni tsopano," anatero Amalume.

Ndinafika mpaka pakhomo pa ofesi yawo. Anali pa foni. Ndinathokoza foniyo mumtima, n'kubwerera.

Lachisanu, 13 Juni

Ndikulemba pachikuto cha kope langali, masamba mulibe.

Akapitawo anafika m'mawa ndi neti yaikulu ndi ndowa ziwiri. Nkhope yawo inali yogwa, paja mbunazi anazilera okha kuyambira zili tinthu tosaoneka. Mawu amene ndinakonza m'njira onse anathawa. Amalume anatsokomola kawiri kuseri kwa mapampu, chifuwa alibe.

Ndinang'amba masamba onse a sabata ino, ngakhale amene ndadzikayikira, n'kuwapinda pawiri.

"Bwana, musanayambe, tawerengani izi. Nsombazi sizikudwala ayi. Ndi mchenga wanga uja."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mapepalawo. "Si kalata yosiya ntchito imeneyi?"

"Ayi."



Anatsamiritsa neti kukhoma, n'kupukuta manja pa ovolosi, chala chimodzichimodzi. Kenaka anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa.